Kodi Chiwerengero cha Zokolola N'chodalirika Motani? Njira ya Bootstrap ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Chaka ndi chaka, mvula ikamapita kumapeto ndipo chimanga chikayamba kuuma m'minda, unduna wa zaulimi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziwerengero ya Zambia Statistics Agency umalengeza kuchuluka kwa mbewu zimene dziko likuyembekezera kukolola, ndipo chiwerengerocho chimachokera m'kafukufuku wotchedwa Crop Forecast Survey. Ambiri mwa anthu amene amamva chilengezocho pawailesi ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amachilandira ngati kuti matumba onse a m'dziko anawerengedwa limodzilimodzi, pamene zoona zake n'zakuti ofufuza amangofika m'mabanja ochepa osankhidwa mwa maere, n'kugwiritsa ntchito mayankho awo poyerekeza zokolola za mabanja onse amene sanafikiridwe. Gulu la mabanja osankhidwawo limatchedwa sampulo, ndipo chiwerengero chilichonse chochokera mu sampulo chimagwedezeka, popeza maere akanagwera mabanja ena, yankho likanasiyana pang'ono kapena kwambiri. Nkhani ino ikufotokoza njira ina yoyezera kugwedezekako, imene akatswiri a ziwerengero amaitcha bootstrap, komanso chifukwa chake maboma ang'onoang'ono, amene amaifuna kuposa ena onse, ndiwonso amavuta kwambiri kuigwiritsira ntchito.

Funso limene limautsa mtsutso kawirikawiri m'chigawo cha Kum'mawa ndi la feteleza. Kuyambira mu 2002 boma la Zambia lakhala likuthandiza alimi ang'onoang'ono kupeza feteleza ndi mbewu pamtengo wotsika, poyamba kudzera mu Fertilizer Support Programme, imene mu 2009 inasinthidwa dzina kukhala Farmer Input Support Programme, ndipo wofuna kudziwa ngati ndalamazo zikupindula ayenera kuyankha kaye funso looneka lophweka: kodi kilogalamu imodzi ya feteleza imaonjezera makilogalamu angati a chimanga pa hekitala? Chida chimene ofufuza amayankhira funso lotere chimatchedwa regression. Banja lililonse limaikidwa ngati kadontho papepala, kumbali imodzi kuli feteleza amene linathira, kumbali inayo kuli chimanga chimene linakolola, kenako pamafunidwa mzere wowongoka wodutsa pakati pa timadonthoto mwakuti mipata yonse yotsala pakati pa mzere ndi timadontho ikhale yochepa momwe kungathekere. Masamu opezera mzerewo anasindikizidwa koyamba ndi Adrien-Marie Legendre wa ku France mu 1805, ndipo Carl Friedrich Gauss wa ku Germany anawafotokozanso mu 1809. Kukwera kwa mzere ndiko kumanena phindu la feteleza, pamene mpata wa pakati pa zokolola zenizeni za banja ndi zimene mzere ukulosera umatchedwa chotsalira. Wofufuza wosamala amalowetsamonso zinthu zina, monga mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, kangati munda unapaliridwa ndiponso ngati banjalo limalima ndi ng'ombe, n'cholinga chakuti feteleza asalandire ulemu umene uyenera kupita kwa ng'ombe kapena kwa khasu.

Mabuku akale a masamu ali ndi njira yake yowerengera kugwedezeka kwa mzerewo, koma njirayo imayenda bwino pokhapokha zotsalira zikhale zomwazika mofanana kwa mlimi wamkulu ndi wamng'ono, zisakhudzane pakati pa banja ndi banja, ndipo ngati sampulo ndi yaing'ono, ziunjikane pakati n'kumachepa mofanana mbali zonse ziwiri. Ulimi wa m'midzi sumvera malamulo amenewa. Alimi ochepa olima mahekitala ambiri amakolola mosiyana kwambiri chaka ndi chaka kuposa anzawo a munda wa hekitala imodzi, mabanja ena sakolola kanthu konse, ndipo oyandikana amagawana mvula imodzi, dothi limodzi, mlangizi mmodzi ndi mbozi zomwezo, monga zinaonekera pamene mbozi za fall armyworm zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016. Kompyuta sikana kuwerengera ngakhale malamulo aphwanyidwe. Imatulutsabe yankho looneka laukhondo, ndipo vuto lagona pomwepo.

Mu 1979 Bradley Efron wa pa yunivesite ya Stanford ku America anasindikiza m'magazini ya Annals of Statistics ganizo limene linasintha kachitidwe ka ntchitoyi. Iye anamanga pa njira yakale yotchedwa jackknife, imene Maurice Quenouille anayambitsa mu 1949 ndipo John Tukey anaikuza mu 1958, yochotsa munthu mmodzimmodzi mu sampulo n'kuona momwe yankho likusinthira. Ganizo la Efron linali lakuti, popeza palibe ndalama zobwerezera kafukufuku kambirimbiri kuti aone momwe yankho lingasinthire, sampulo imene ilipoyo iimire anthu onse, ndipo masampulo atsopano atapidwe kuchokera mwa iyo yomweyo. Kachitidwe kake kangatheke ngakhale ndi manja: dzina la banja lililonse lilembedwe pakapepala, timapepala tonse tiikidwe m'dengu, kamodzi katoledwe n'kulembedwa pambali, kenako kabwezedwe m'dengumo asanatole kena, mpaka timapepala totoledwa tikwane chiwerengero cha sampulo yoyamba ija. Kubwezako ndiye mtima wa njira yonseyi, chifukwa kumachititsa kuti banja lina lituluke kawiri kapena katatu pamene lina silinatuluke n'komwe, ndipo popanda kubweza sampulo yatsopanoyo ikanangofanana ndi yakale.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize wowerenga. Alimi asanu akolola matumba 8, 10, 12, 15 ndi 30, ndipo avereji yawo, kutanthauza matumba onse atagawidwa mofanana kwa asanuwo, ndi matumba 15. Kutola koyamba kungatulutse 8, 8, 12, 15 ndi 15, kumene avereji yake ndi 11.6, kwachiwiri kungatulutse 10, 12, 15, 30 ndi 30, kumene avereji yake ndi 19.4. Kusiyana kwakukulu kotereku kukuulula kuti avereji ya 15 ija yatsamira kwambiri pa mlimi mmodzi wa matumba 30, amene mwa masamu amasowa mu pafupifupi sampulo imodzi mwa masampulo atatu alionse otoledwa. Pa alimi asanu pali masampulo osiyana 126 okha amene angatuluke, pa alimi 10 alipo 92,378, ndipo pa alimi 20 amaposa mabiliyoni 68, n'chifukwa chake njirayi inadikira kubwera kwa kompyuta kuti ifalikire. Sampulo ikakhala yaikulu, kutola kulikonse kumakhala ndi mabanja pafupifupi 63 pa 100 alionse a mu sampulo yoyamba, ena mwa iwo obwerezedwa, ndipo 37 otsalawo amakhala kunja ulendo umenewo.

Kompyuta ikabwereza kutolako ka 1,000, n'kuwerengera yankho ulendo uliwonse, pamakhala mayankho 1,000 amene kumwazika kwawo kumasonyeza momwe chiwerengero choyamba chija chikugwedezekera. Akandandalikidwa kuyambira laling'ono kufika lalikulu, n'kuchotsapo 25 a pansi ndi 25 a pamwamba, otsalawo amapereka malire awiri amene akatswiri amawatcha confidence interval, ndipo pano angatchedwe malire a chidaliro. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti njira yopangira malirewo, itagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wobwerezedwa kambirimbiri, ingakole yankho loona pafupifupi ka 95 pa maulendo 100 alionse. Malire oyandikana amasonyeza chiwerengero cholimba. Malire otalikirana amachenjeza kuti kafukufukuyo sananene zambiri, ngakhale lipoti lake likhale lochindikala bwanji.

Pa regression pali njira zingapo zotolera, ndipo David Freedman wa ku Berkeley anasanthula ziwiri zikuluzikulu mu 1981. Yoyamba imatola banja lathunthu, feteleza wake pamodzi ndi zokolola zake, n'kujambulanso mzere pa sampulo yatsopano iliyonse. Yachiwiri imasiya feteleza wa banja lililonse momwe alili, n'kusakaniza zotsalira zokha, kotero kuti chotsalira cha banja lina chimaphatikizidwa ku zimene mzere walosera banja lina. Njira yachiwiriyi imayenera pa minda yoyeserera, monga ya pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera ku Chipata, kumene wofufuza amasankha yekha mlingo wa feteleza pa ndime iliyonse ndipo ndimezo zimakhala zofanana kukula. Pa kafukufuku wa m'mabanja njirayi imasocheretsa, chifukwa imatha kutenga chotsalira cha mlimi wa mahekitala 10 n'kuchipachika pa mayi wamasiye wolima theka la hekitala, ngati kuti awiriwo amapindula kapena kuluza mofanana. Pofuna kuthetsa vutoli, C. F. Jeff Wu anafotokoza mu 1986 njira imene pambuyo pake inatchedwa wild bootstrap, imene imasiya banja lililonse ndi chotsalira chakechake, koma n'kuchichulukitsa ndi nambala yotoledwa mwa maere; mtundu wofala masiku ano umangoponya maere osankha ngati chotsaliracho chikhale momwe chilili kapena chitembenuzidwe, chopitirira mzere chikhale choperewera.

Phindu lalikulu la bootstrap limaoneka pamene funso silili la kukwera kwa mzere kokha. Mlimi safuna kudziwa makilogalamu okha, koma ngati ndalama yogulira thumba la urea kapena la D Compound ibwerera atagulitsa chimanga, komanso mlingo umene kuonjezera feteleza kumasiya kupindula. Mayankho amenewa amachokera pa kugawa nambala ina ndi inzake, zonse ziwiri zogwedezeka, ndipo masamu a m'buku oyezera kugwedezeka kwa zogawidwazo ndi ovuta komanso ongoyandikira. Bootstrap siisamala zimenezo: imangowerengera phindulo pa sampulo iliyonse yotoledwa, n'kuona momwe mayankho amwazikira.

Komabe pali lamulo limodzi limene wophwanya amapeza yankho labodza looneka ngati loona, ndipo ndi lakuti kutola kwa m'kompyuta kutsanzire momwe sampulo yeniyeni inasankhidwira. Akafukufuku a m'dziko muno sasankha mabanja paokhapaokha m'dziko lonse, chifukwa ulendo wake ungadye ndalama zosaneneka. Amayamba asankha timadera ta kalembera, totchedwa Standard Enumeration Areas, kenako m'kadera kalikonse amasankhamo mabanja. Umu ndi momwe unachitikira kafukufuku wa Rural Agricultural Livelihoods Survey, amene bungwe la Indaba Agricultural Policy Research Institute la ku Lusaka linachita mogwirizana ndi boma mu 2012, 2015 ndi 2019, ndipo poyamba ankatenga mabanja 20 m'kadera kalikonse. Mabanja 20 a m'kadera kamodzi sapereka nzeru yofanana ndi ya mabanja 20 omwazikana, popeza amafanana pa zambiri. Leslie Kish, m'buku lake la mu 1965 lonena za kasankhidwe ka sampulo, anapereka njira yoyezera kutayika kwa nzeruko, ndipo mwa njirayo, ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a kusiyana kwa zokolola likuchokera ku kadera kamene banja limakhala, mabanja 400 otengedwa 20 m'kadera kalikonse amalemera ngati mabanja 83 okha osankhidwa paokhapaokha. Wofufuza akaika mabanja 400 onsewo m'dengu limodzi, malire a chidaliro amatuluka ofupika kuposa theka la momwe ayenera kukhalira. Choyenera kulembedwa pakapepala ndi kadera konse, ndipo kakatoledwa kamabwera ndi mabanja ake onse. J. N. K. Rao ndi Wu yemwe uja anakonza njirayi mu 1988 kuti igwirizane ndi akafukufuku osankha m'magawomagawo.

Nkhani ya kufanana kwa oyandikana siili pa chimanga pokha. Günther Fink, Kelsey Jack ndi Felix Masiye, pofufuza m'boma la Chipata ngati ngongole ya nthawi ya njala ingachepetse ganyu n'kukweza zokolola, anagawa thandizolo mwa maere mudzi ndi mudzi m'midzi 175, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2020. M'kafukufuku wotere mphamvu ya umboni imadalira kwambiri kuchuluka kwa midzi kusiyana ndi kuchuluka kwa alimi, ndipo midzi 175 ndi yokwanira kuti masamu ayende bwino. Ku Katete ndi ku Sinda komweko, akatswiri a pa University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Belgium akhala akufufuza nyongolotsi ya m'nyama ya nkhumba imene imatha kuyambitsa khunyu mwa anthu, ndipo nkhumba zoyendayenda m'mudzi umodzi zimadya pamalo amodzi, kotero kuti nkhumba 50 za mudzi umodzi sizingawerengedwe ngati mboni 50 zosadziwana.

Apa ndi pamene maboma ang'onoang'ono amakumana ndi chovuta chawochawo. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma oima paokha mu 2012, Sinda atadulidwa kuchokera ku Katete ndi Petauke, Vubwi kuchokera ku Chadiza, ndipo kalembera wa mu 2010, amene akafukufuku ambiri a zaka zotsatira anasankhirapo timadera tawo, anachitika maboma awiriwa asanabadwe. Wofuna kudziwa za Vubwi yekha kuchokera m'kafukufuku wokonzedwera chigawo chonse kapena dziko lonse angathe kupeza kuti timadera timene tinagwera m'bomalo n'towerengeka pazala. Colin Cameron, Jonah Gelbach ndi Douglas Miller anasonyeza mu 2008 kuti magulu akakhala ochepa, cha pakati pa 5 ndi 30, njira zozolowereka zimafulumira kulengeza kuti chinthu chagwira ntchito pamene palibe umboni wokwanira, ndipo anapeza kuti wild bootstrap yoponyera maere gulu lonse pamodzi imachepetsa cholakwikacho kwambiri. Ngakhale njira imeneyi ili ndi polekezera, chifukwa ngati timadera tili tisanu, ndipo kalikonse kali ndi mbali ziwiri zokha zogwera, pali mitundu 32 yokha ya zotsatira, ndipo kulamula kompyuta kuti ibwereze ka 10,000 n'kungozungulira pa 32 omwewo. Kuchulukitsa maulendo otola kumachepetsa phokoso la maere a kompyuta, koma sikuonjezera mudzi ngakhale umodzi ku kafukufuku.

Chimene bootstrap singathe n'komwe ndi kukonza sampulo yosankhidwa mokondera. Wogula chimanga amene wabaya thumba pamwamba pokha angapende njere zimene watapazo kambirimbiri, koma sadzadziwa za chimanga chofumbwa chimene chili pansi. Ngati ofufuza anangofika m'midzi ya m'mbali mwa Great East Road, imene imadutsa pa Sinda ndi pa Katete, n'kulephera kufika kumidzi ya kumalire a Mozambique ndi Malawi chifukwa cha misewu yoonongeka ndi mvula, masampulo onse otoledwa m'kompyuta adzakhalanso a m'mbali mwa msewu. Ngati alimi anakulitsa kapena kuchepetsa kukula kwa minda yawo poyankha, chinthu chimene akafukufuku oyerekeza mayankho a pakamwa ndi muyeso wa GPS apeza m'maiko angapo a mu Africa, cholakwikacho chidzabwerezedwa mokhulupirika ka 1,000. Njirayi siingasiyanitsenso chochititsa ndi chongoyendera limodzi: mabanja amene amapeza feteleza wambiri nthawi zambiri ndi omwenso ali ndi ng'ombe, antchito ndi dothi labwino, ndipo ngati regression sinaganizire zimenezi, bootstrap idzangoika malire aukhondo kuzungulira yankho lolakwika. Imalepheranso pa mafunso a kumathero, monga zokolola zazikulu koposa zimene zingatheke, popeza palibe sampulo yotoledwa imene ingatulutse nambala yoposa yaikulu imene ili kale m'dengu.

Nyengo nayo ili ndi chenjezo lake. Chilala cha dzinja la 2023 mpaka 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinatsitsa chimanga cha dziko kuchoka pa matani oposa 3.2 miliyoni kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni. Mzere wojambulidwa kuchokera ku chaka cha mvula yabwino sunganene chimene feteleza amachita m'dothi louma, ndipo malire a chidaliro a chaka chimodzi amanena za kusiyana kwa mabanja m'chaka chimenecho basi. Wofuna kuyeza kugwedezeka kwa zaka ayenera kukhala ndi zaka zambiri m'dengu, ndipo popeza zaka zotsatizana zimakhudzana, monga pamene njala ya chaka chino ichititsa banja kugulitsa ng'ombe zimene likanalimira chaka chamawa, amatola zaka m'mitolo yotsatizana, mwa njira imene Hans Künsch anafotokoza mu 1989.

Zonsezi zikukhudza anthu amene sanaphunzirepo masamu otere. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za Constituency Development Fund zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, zosankha zambiri zimachitikira pafupi, m'madera a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, ndipo makomiti, makhansala ndi mafumu amalandira malipoti onena kuti dera lina latsalira pa zokolola, kapena kuti ntchito ina yachepetsa kunyentchera kwa ana. Boma lina likaoneka kuti laposa linzake ndi matumba awiri pa hekitala, pamene malire a chidaliro a kusiyanako akuyambira pansi pa ziro n'kufika pamwamba pake, palibe chifukwa chokwanira chosamutsira ndalama kapena chodzudzulira alangizi. Mtengo wa kuwerengera sulinso chodzikhululukira, popeza pulogalamu ya R imapezeka mwaulere pa intaneti ndipo kompyuta wamba ya mu ofesi imamaliza kutola ka 1,000 m'kanthawi kochepa.

Choncho bungwe lililonse lobweretsa chiwerengero cha boma limodzi ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi liyenera kunena poyera midzi kapena timadera timene linafikamo, momwe linatisankhira, ndi malire apansi ndi apamwamba a chiwerengerocho. Atolankhani ndi oulutsa mawu afunse zinthu zitatuzi asanawerenge nambalayo pawailesi, ndipo komiti imene yapatsidwa nambala yopanda malire iibweze kwa eni ake kuti akaimalize.